Mboni ya Pepala: Mapu Akale a Karonga ndi Mbiri ya Mabanja Athu

M'makomo ambiri a Asilamu a m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Mangochi kudzera ku Salima ndi Nkhotakota mpaka kumpoto, mbiri ya banja ikamakambidwa pamkeka imafika pena n'kuima pa mawu akuti agogo adapita ku Karonga. Ena adapita ndi zombo za malonda, ena ndi mfuti ya boma paphewa, ena ndi katundu pamutu m'nthawi ya mtengatenga. Alipo ena amene sadapite mwa kufuna kwawo. Tikafunsa mudzi umene adakhala kapena manda amene adagona, yankho limachepa chaka ndi chaka, pakuti odziwa akutha. Pali mboni ina imene sitiifunsa kawirikawiri, ndiyo mapu akale. Mboni imeneyi siiwala, koma iyenera kufunsidwa mosamala, chifukwa idalembedwa ndi anthu amene anali ndi zolinga zawo.

Mapu akale a boma la Karonga ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la apaulendo ndi asilikali a zaka za m'ma 1880 ndi 1890, monga amene ali m'mabuku a Frederick Lugard a mu 1893 ndi m'buku la Harry Johnston la mu 1897. Miyeso yake ndi yongoyerekeza, koma amasunga mayina ndi njira za nthawi imeneyo. Gulu lachiwiri lidabwera itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene bungwe la boma la Britain lodziwika pambuyo pake kuti Directorate of Overseas Surveys lidayamba kujambula dziko kuchokera m'ndege. Zithunzizo zidabala mapu a sikelo ya 1:50,000, pamene masentimita 2 papepala ndi kilomita imodzi pansi. Mapuwa amasonyeza mitsinje, madambo, njira za miyendo, midzi, ndi mizere yokhotakhota yonena kukwera ndi kutsika kwa nthaka. Mizereyo ikathithikana, malowo ndi otsetsereka. Ikatalikirana, ndi chigwa. Wofuna kuwaona ayambire ku dipatimenti ya boma yoyeza malo, ku National Archives ku Zomba, kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mumzinda wa Blantyre.

Choyamba chimene mapu akale amatiphunzitsa n'chakuti mayina amasamuka. Chilumba wa lero pamapu a atsamunda ndi Deep Bay. Chitipa ndi Fort Hill, monga momwe Mangochi analiri Fort Johnston. Boma lonselo linkatchedwa North Nyasa ndipo linkaphatikiza dera la Chitipa. Dziko la Angonde lidalembedwa Nkonde kapena Konde. Mitsinje ya dzina la Rukuru ilipo iwiri: wa ku Karonga ndi North Rukuru, pamene South Rukuru amadutsa ku Rumphi. Munthu wosadziwa zimenezi angathe kusunga kalata ya agogo ake yolembedwa ku Deep Bay n'kumaganiza kuti ikunena za dziko lina. Pa midzi napo pamafunika tcheru. Dzina lolembedwa pamapu kawirikawiri limakhala la mfumu, ndipo mfumu ikasamuka ndi anthu ake dzinalo limapita nawo, manda n'kutsala pabwinja. Choncho mudzi wa dzina lomwelo lero ungakhale patali ndi pamene udali m'masiku a makolo. Kuika mapu a zaka ziwiri zosiyana pambali ndi pambali ndiko kumaulula msamuko wotere.

Chachiwiri n'chakuti ku Karonga ngakhale nthaka imasintha. Nyanja idatsika kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kotero kuti kuyambira 1915 mpaka 1935 mtsinje wa Shire sunkalandira madzi ake mwa nthawi zonse. Idakweranso kwambiri cha m'ma 1979 ndi 1980, madzi n'kulowa m'tauni yakale ya Karonga. Mtsinje wa Songwe, umene pangano la Britain ndi Germany la mu 1890 lidausandutsa malire, umasintha njira yake m'chigwa, n'kusiya munda umene udali tsidya lino uli tsidya linalo. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Tikamva kuti mzikiti woyamba wa mudzi udali pafupi ndi gombe, tifunse kuti gombe la chaka chiti, chifukwa malowo mwina lero ali pansi pa madzi kapena pakati pa munda wa mpunga.

Tsopano tiike chala pamapu, titsate North Rukuru kuchokera kunyanja kupita kumadzulo, mbali ya msewu wa ku Chitipa. Pamtunda wosakwana makilomita 20, pamene mtsinje umatuluka m'mapiri, pali Mpata. Chapafupi pali phiri la Mbande, likulu lakale la a Kyungu, mafumu a Angonde. Mizere ya pamapu imafotokoza yokha chifukwa chimene malowa adakhalira a mkangano: aliyense wochokera kumtunda ndi minyanga kupita kunyanja ankayenera kudutsa pampata pamenepa. Msewu wa Stevenson, umene udayambidwa mu 1881 kuti ulumikize nyanja yathu ndi ya Tanganyika, udalunjika njira yomweyi, ndipo mu 1884 kampani ya African Lakes idatsegula sitolo yake ku Karonga.

Pa Mpata m'pamene Mlozi, wamalonda wa Chiswahili, adamanga linga lake, anzake Kopakopa ndi Msalemu n'kumanga awo chakumunsi kwa mtsinje. Poyamba ankagulitsa minyanga kusitolo ya kampaniyo. Mu 1887 mtendere udasweka. Mlozi adadzitcha Sultan wa Nkonde, ndipo mothandizidwa ndi Ahenga, amene adathawira kuderali pochoka m'manja mwa Angoni, adathira nkhondo midzi ya Angonde. Pathamanda la Kambwe, kumpoto kwa tauni, anthu amene adabisala m'bango adayatsiridwa moto. Ambiri adafa ndipo ena adatengedwa ukapolo. Nkhondo ya Mlozi ndi kampani idapitirira mpaka 1889, ndipo Lugard adavulala polimbana ndi limodzi la malingawo mu 1888. Johnston adachita pangano la mtendere mu October 1889 mothandizidwa ndi Jumbe wa ku Nkhotakota, koma mu December 1895 adabweranso ndi asilikali ndi mizinga. Linga lidagwa, Mlozi adanyongedwa pa 4 December, ndipo akapolo mazanamazana adamasulidwa.

Apa m'pamene nkhani ya mapu imatikhudza ife Asilamu. Mlozi ankadziwika kuti ndi Msilamu, ndipo kwa zaka zoposa 100 dzina lake lagwiritsidwa ntchito ponyoza chipembedzo chathu. Chifukwa cha kuwawa kwake, ena mwa ife amasankha kukhala chete, ena amayesa kumuyeretsa ponena kuti ankangolimbana ndi atsamunda. Zoonadi azungu a kampani sadali angelo. Adagula minyanga yake asadayambe kumenyana naye, ndipo boma limene lidabwera pambuyo pake lidadza ndi msonkho ndi mtengatenga. Koma kulakwa kwa atsamunda sikuzimitsa moto wa pa Kambwe. Kuotcha anthu obisala ndi kugwira mfulu n'kuigulitsa ndi kupondereza kumene Chisilamu chimaletsa, ndipo Qur'an yolemekezeka imatilamula kuimira chilungamo ngakhale umboniwo utatsutsa ife eni kapena abale athu. Munthu wofufuza mtundu wake ku Karonga akonzekere kupeza chilichonse: kholo lonyamula mfuti ya Mlozi, kholo logwidwa, kapena onse awiri m'banja limodzi. Palibe amene adzasenze tchimo la agogo ake pamaso pa Allah, koma kubisa choonadi kungakhale tchimo lathu.

Mapu omwewo amatitengeranso ku nkhondo ina. Pa 9 September 1914 asilikali a Germany ochokera tsidya la Songwe adaukira Karonga, n'kubwezedwa. Kuyambira 1916 tauniyi idakhala khomo la gulu la nkhondo la General Edward Northey polowera ku German East Africa, ndipo amuna zikwizikwi a dziko lino adasenza katundu wa nkhondoyo pamutu. M'gulu la King's African Rifles mudali Ayao ambiri, pakati pawo Asilamu a kumwera kwa nyanja. Manda a azungu a mbali zonse ziwiri alipo ku Karonga, osamalidwa, ndi mayina awo pamiyala. Ambiri mwa asilikali akuda ndi amtengatenga alibe mwala wa dzina. Banja la ku Mangochi limene limangodziwa kuti agogo sadabwerere lingathe, potsata pamapu madoko ndi njira za nthawi imeneyo, kudziwa dziko limene iwo adapondamo komaliza, ngakhale manda enieniwo asapezeke.

Kusiyana kwa manda kumeneku kukutikumbutsa khalidwe la mboni yathu. Woyeza malo ankalemba chimene boma linkafuna: boma, doko, mishoni, sukulu, msewu, malire. Mzikiti wa udzu, madrasa ya pansi pa mtengo wa mango ndi manda a mudzi sizinkapeza malo nthawi zonse. Chithunzi cha m'ndege chimaona denga koma sichidziwa amene akugona m'nyumbamo. Ngakhale mkangano wa Malawi ndi Tanzania pa malire a nyanja umasonyeza kuti mapu awiri angathe kunena zosiyana pa madzi amodzimodzi. Ife tili ndi mwambo wothana ndi mboni zotere. Akatswiri athu a Hadith sankalandira nkhani asadafunse kuti wainena ndani, adaimva kwa yani, ndipo anali wokhulupirika motani. Mapu nawo tiwafunse chimodzimodzi. M'mphepete mwa pepala mumalembedwa amene adalikonza, chaka cha zithunzi ndi chaka chosindikiza, ndipo zaka ziwirizi zingasiyane kwambiri. Kusapezeka kwa mudzi pamapu si umboni wakuti mudziwo kudalibe.

N'chifukwa chake pepala lokha silikwanira. Liyenera kukumana ndi pakamwa pa akuluakulu ndiponso ndi mapazi athu. Tisadanyamuke, tikhale pansi ndi agogo amene alipo, tilembe mayina onse a anthu, mitsinje ndi mafumu monga akuwatchulira, pamodzi ndi dzina la wonenayo ndi tsiku. Tikumbukire kuti Ayao ndi Achewa amatsata mtundu kuchikazi pamene Angonde ndi Atumbuka amautsata kuchimuna, kotero banja losakanikirana lifufuze mbali zonse ziwiri. Tikafika ku Karonga, nyumba yosungiramo zakale ya m'tauniyo, imene idatsegulidwa mu 2004, ndi poyambira pabwino. Kumudzi tiyambe taonekera kwa mfumu, tipemphe chilolezo ndi wotiperekeza, pakuti manda ndi malo olemekezeka a eni dziko salowedwa mwachisawawa. Tiyende m'chilimwe, mitsinje itaphwa, tinyamuke itangotha Swala ya Fajr chifukwa dzuwa la chigwa cha Karonga silichita chibwana, ndipo titenge madzi okwanira kumwa ndi kupanga wudhu. Pofufuza malo tidalire zinthu zosasuntha, monga phiri ndi mpata, koposa gombe kapena njira. Mapu akale amayeza msinkhu wa mapiri m'mafiti, ndipo manambala ake a malo angasiyane ndi a pafoni ndi mamita mazana ochepa. Chimene tapeza tisachifukule kapena kuchitenga. Tichijambule, tichilembe, tisiye momwe chilili.

Koposa zonse tipite ndi mtima wodzichepetsa. Amene adzatilozere njira ya ku Mpata kapena ku Kambwe mwina ndi mdzukulu wa anthu amene adathawa malo amenewo. Tiyenera kumvetsera mbiri yake mpaka kumapeto osamudula mawu, ngakhale itatiwawa. Qur'an imatilimbikitsa m'malo angapo kuyenda padziko ndi kulingalira mathero a amene adatitsogolera, ndipo ulendo wotere umakwaniritsidwa pamene woyendayo walola kuphunzitsidwa.

Ntchitoyi siyofuna chuma chambiri. Komiti ya mzikiti ingathe kupeza pepala limodzi la mapu a dera lake, kuitana achikulire pambuyo pa Swala ya Jumu'ah, ndi kulemba ndi pensulo pamene padali mzikiti woyamba, manda akale ndi doko la makolo. Ana a kumadrasa akopere zimenezo m'kope losungidwa pamzikitipo. Odziwa akadali pakati pathu, koma sadzadikira kuti tipeze nthawi. Tikupempha Allah akhululukire makolo athu okhulupirira, atonthoze mbumba za onse amene adaponderezedwa m'dziko la Karonga, ndipo atipatse ife lilime loona ponena za iwo. Iye ndiye Mwini kudziwa konse.