Momwe kafukufuku anasinthira mankhwala a malungo m'Malawi

Kawirikawiri timamva anthu akudandaula kuti kafukufuku wa zaumoyo m'dziko muno amangothera m'makabati a m'maofesi. Dandauloli lili ndi pogwira, koma mbiri ya mankhwala a malungo sikuvomereza kwathunthu.

Kale, azungu a mishoni ankadalira kwinini. Bishopu Mackenzie anamwalira ndi malungo mu 1862, bwato lomwe linanyamula mankhwala ake litagubuduzika m'madzi. Patapita zaka zambiri kunabwera chloroquine, wotchipa ndiponso wopezeka ngakhale m'magolosale. Akuluakulu amamukumbukira chifukwa cha kuwawa kwake ndi kuyabwa komwe kunkasowetsa tulo.

M'zaka za m'ma 1980 anamwino anayamba kuona chachilendo: mwana wamwa mankhwala onse bwinobwino, koma pakangotha masiku owerengeka mayi wabweranso naye kumbuyo, thupi lili moto, magazi atachepa. Ofufuza, makamaka ku Mangochi, anatsatira ana ndi amayi oyembekezera, kuyeza magazi awo mobwerezabwereza, mpaka zinaoneka poyera kuti tizirombo ta malungo tapima. Mu 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kusiya chloroquine n'kuyamba SP, uja tinkamutcha Fansidar, mapiritsi atatu omwa kamodzi kwa munthu wamkulu. Mayiko oyandikana nafe anapitirizabe ndi chloroquine kwa zaka zingapo. Ine ndimaona kuti kumeneku kunali kulimba mtima, chifukwa kuchotsa mankhwala omwe mudzi wonse unawazolowera si chinthu chapafupi.

Zomwe zinatsatira zinadabwitsa akatswiri dziko lonse lapansi. Ku Blantyre, chizindikiro cha kupima kwa tizirombo ku chloroquine chinkapezeka mu magawo 85 pa 100 alionse a magazi oyezedwa mu 1992, koma pofika mu 2000 chinatsika kufika pa 13. Mu 2005 ofufuza anayesa mankhwala onse awiri pa ana 210 ku Ndirande. Chloroquine, yemwe anatayidwa uja, anachiza ana 99 pa 100 alionse, pomwe SP anachiza 21 okha. Tizirombo topima tinali titachepa chifukwa mankhwala omwe ankatipatsa mwayi woposa tinzake anachoka. Komabe chloroquine sanabwezeretsedwe, poopa kuti tizirombo topima tochokera kutsidya kwa malire tingafalenso.

Apa ndi pomwe pali bala la nkhaniyi. Kufooka kwa SP kunayamba kuoneka kale kafukufuku wa ku Ndirande asanachitike, koma mankhwala atsopano a LA anafika m'zipatala kumapeto kwa 2007. Umboni unalipo, chomwe chinasowa ndi ndalama, pakuti mankhwala atsopanowo anali odula kwambiri ndipo dziko linkayembekezera thandizo lakunja. M'zaka zodikirazo ana ambiri ankapatsidwa mankhwala omwe sankawachiza mokwanira.

Mu April 2019 Malawi anakhalanso dziko loyamba kubaya ana katemera wa malungo wa RTS,S pa ndondomeko yoyeserera, yomwe inachitikanso ku Ghana ndi Kenya.

LA nayenso sadzagwira ntchito mpaka kalekale. Ku Rwanda ndi Uganda kwapezeka kale tizirombo tomwe tayamba kupima ku mankhwala a mtundu wa artemisinin, omwe ndi mbali ya LA. Pempho langa kwa okonza bajeti ya zaumoyo ndi lakuti aziikiratu padera ndalama zoyezera mphamvu ya LA ndi zogulira mankhwala olowa m'malo mwake, tsiku la vuto lisanafike.