Tsiku la 4 Okutobala: Chaka cha 1582 ndi Chaka cha 1992

M'mabuku a mbiri muli masiku khumi amene munthu sangawapeze ngakhale atafunafuna chotani. Ku Roma, ku Spain ndi ku Portugal anthu adagona Lachinayi pa 4 Okutobala 1582, ndipo m'mawa mwake adadzuka Lachisanu pa 15 Okutobala. Masiku a pakati apo sadabadwe konse.

Mwini nkhaniyi adali Papa Gregorio XIII. Kalendala yakale ya Julius Caesar inkatalikitsa chaka ndi mphindi ngati 11. Mphindi zotere ndi zochepa, koma zitaunjikana kwa zaka mazana ambiri, tsiku limene usana ndi usiku zimalingana lidasuntha kuchoka pa 21 Malichi kufika pa 11. Tsono popeza chaka cha Paska chimawerengedwa kuchokera pa tsiku limenelo, Eklezia adaona kuti nkhaniyo si yamasewera. Apapa adalemba kalata yawo Inter gravissimas pa 24 Febuluwale 1582, atathandizidwa ndi akatswiri a nyenyezi, mmodzi mwa iwo Bambo Christopher Clavius wa chipani cha Ayezuiti. Angerezi adakana kufikira 1752, ndipo dziko la Russia lidatsatira mu 1918.

Usiku womwewo wa pa 4 Okutobala, m'nyumba ya asisitere ku Alba de Tormes, Teresa Woyera wa ku Avila adatsirizika ali ndi zaka 67. Adamwalira m'kalendala yakale, naikidwa m'manda m'kalendala yatsopano, ndipo mpaka lero Eklezia amamkumbukira pa 15 Okutobala. Tsiku la 4 lidali kale ndi mwini wake: Francisco Woyera wa ku Assisi, amene adamwalira madzulo a pa 3 Okutobala 1226.

Patapita zaka 410, tsiku lomwelo lidalowa m'mbiri ya Mozambique. Nkhondo idali itatha zaka zoposa 15 ikupha anthu ndi kutentha midzi. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira ku Malawi. Ambiri a ku Angonia adakakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu, akupenya patali minda yawo itasanduka tchire. Zokambirana zidayamba ku Roma mu Julaye 1990 m'nyumba ya gulu la Sant'Egidio. Ankhoswe adali anayi: Ambuye Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa ku Beira, Bambo Matteo Zuppi, Andrea Riccardi, ndi Mario Raffaelli woimira boma la Italy. Mlanduwo udali wolimba, ndipo udatenga miyezi 27.

Chodabwitsa nchakuti tsiku limene adapangana poyamba lidali la 1 Okutobala. Mfundo zina zidavuta, masiku atatu adapita anthu ali m'chikaiko, mpaka Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama adasaina pangano la mtendere Lamulungu pa 4 Okutobala 1992, pamaso pa Robert Mugabe ndi Quett Masire. Palibe adasankha tsiku la Francisco Woyera. Kuchedwa ndiko kudawafikitsa pamenepo. Wolemba mbiri sangapitirire apa, koma akhristu ambiri adaonapo dzanja la Mulungu, ndipo nkovuta kuwadzudzula.

Mtenderewo sudakhale wopanda chilema. Mfuti zidalirabe m'chigawo cha Sofala kuyambira 2013, ndipo pangano lina lidasainidwa ku Maputo pa 6 Ogasiti 2019, Ambuye Jaime atamwalira kale mu 2016 ndi Dhlakama mu 2018. Mwa ankhoswe aja, Bambo Zuppi adasankhidwa kukhala Kadinala m'chaka chomwecho cha 2019.