Mwana Woimila Kholo Pofunsila Viza ya ku Canada: Zimene Lamulo Likunena

Anthu a ku Zambia amene akhala m'dziko la Canada nthawi zambili amafuna kuitana makolo ao kuti akawacezele ndi kuona adzukulu. Popeza mafomu a viza amalembedwa m'Cingelezi kapena m'Cifalansa, ndipo ambili amatumizidwa pa intaneti, mwana ndiye amene kawili-kawili amasenza nchito imeneyi. Lamulo la Canada limalola zimenezi, koma pali njila yofunika kutsatila.

Nthambi ya boma yoona za anthu olowa m'dzikolo, yochedwa Immigration, Refugees and Citizenship Canada, kapena IRCC mwacidule, siuza munthu wina aliyense za pempho la kholo popanda cilolezo colembedwa, ngakhale munthuyo akhale mwana wobeleka. Cilolezo cimeneci cimapelekedwa pa fomu ya IMM 5476, imene kholo ndi mwana onse amasaina. Ikalandilidwa, mwanayo angathe kulankhula ndi nthambiyi m'malo mwa kholo ndi kulandila makalata ake. Pempho limodzi limakhala ndi woimila mmodzi cabe, ndipo kholo lingathe kumucotsa kapena kusankha wina pogwilitsa nchito fomu imodzimodziyo.

Oimila ali m'magulu awili. Wacibale kapena bwenzi angathe kuimila munthu malinga ngati salandila malipilo. Wolandila malipilo ayenela kukhala loya wa m'bungwe la maloya la ku Canada, membala wa Chambre des notaires du Québec, kapena mlangizi wolembedwa m'kaundula wa College of Immigration and Citizenship Consultants, bungwe limene linayamba nchito mu 2021. Wina aliyense wofuna ndalama pa nchitoyi ndi wofunika kumupewa.

Makolo ofuna kukhalako nthawi yaitali amafunsila Super Visa, imene inakhazikitsidwa mu 2011 kaamba ka makolo ndi agogo a nzika za Canada ndi a anthu ololedwa kukhalako kosatha. Kuyambila mu 2022, viza imeneyi imalola kholo kukhala m'dzikolo mpaka zaka 5 pa ulendo umodzi. Mwana amalemba kalata yoitana ndi kuonetsa umboni wa ndalama zimene amapeza. Kholo limafunika inshuwalansi ya cipatala ya caka cathunthu, yosacepela madola 100,000 a ku Canada.

Pali zinthu zimene woimila sangacite m'malo mwa kholo. Kholo lenilenilo ndilo limakapimidwa kwa dokotala wovomelezedwa ndi IRCC, ndipo ndilo limakajambulidwa cithunzi ndi kutengedwa zidindo za zala, kupatulapo ngati lapitilila zaka 79. Ndiponso zikalata zimene sizili m'Cingelezi kapena m'Cifalansa siziyenela kumasulidwa ndi mwana kapena wacibale aliyense, koma ndi womasulila wapadela.

Cofunika koposa ndi cakuti mlandu wa zonse zolembedwa pa fomu umakhala pa mwini pempho, ngakhale wolemba akhale wina. Gawo 40 la lamulo la Immigration and Refugee Protection Act limanena kuti munthu wopeleka zabodza kapena wobisa mfundo yofunika amaletsedwa kulowa m'Canada kwa zaka 5. Mwana akalephela kuchula kuti amai ake anakanidwapo viza ya dziko lina, cilango cingagwele amaiwo, ndipo kwa munthu wokalamba zaka 5 ndi nthawi yaitali kwambili.

Cotelo ndi bwino kuti mwana aŵelengele kholo funso lililonse m'cinenelo cimene limamva bwino lisanasaine. Aonetsetsenso kuti maina ndi tsiku lobadwa ndi zofanana pa pasipoti, pa citupa ca NRC ndi pa fomu, ndipo asiyile kholo kope la zonse zimene zatumizidwa m'dzina lake.