Kuyamika: tanthauzo lake ndi zomwe kumachita mu ubongo

Mawu oti kuyamika amasiyana pang'ono ndi kuthokoza, ngakhale ambiri amawagwiritsa ntchito mosinthanitsa. Kuthokoza ndi kuyankha wochita zabwino, monga ponena kuti zikomo, pomwe kuyamika kumaphatikizapo kutama, ndiko kuzindikira mumtima ubwino wa chinthu ndi kuunena poyera. Ku Lichinga, likulu la chigawo cha Niassa, komwe Chinyanja chimamveka pamodzi ndi Chiyao, Chimakua ndi Chipwitikizi, anthu amanenanso obrigado, mawu omwe gwero lake ndi kumangika ndi ngongole kwa wina. Kuyamika kulibe ngongole yotere.

Akatswiri a zamaganizo afufuza kwambiri kuyamika kwa mumtimaku. Mu 2003, Robert Emmons ndi Michael McCullough anapeza kuti ophunzira omwe ankalemba sabata iliyonse zinthu 5 zomwe amayamikira, kwa masabata 10, ankaona moyo wawo bwino ndipo sankadandaula kawirikawiri za zowawa m'thupi poyerekeza ndi anzawo olemba zokhumudwitsa. Mu 2015, Glenn Fox ndi anzake ku University of Southern California anajambula ubongo ndi makina a MRI, omwe amaonetsa mbali yomwe ikugwira ntchito potsata kayendedwe ka magazi, ndipo anaona kuti munthu akamayamikira, mbali ya kuseri kwa chipumi, yomwe imathandiza kuyeza phindu la zinthu ndi kumvetsa maganizo a ena, imatakataka. Kafukufuku wotsatira waonetsa kuti phindu la chizolowezi cholemba zoyamikira ndi lochepa ndithu kwa odwala nkhawa yaikulu, omwe amafunikabe chithandizo cha kuchipatala.