Nkhondo ya zimbale yomwe sinatsike Khwekhwerere

Pa 19 February 2008 kampani ya Toshiba inalengeza ku Tokyo kuti yasiya kupanga makina oonetsera zimbale za HD DVD. Nyuzipepala za ku America ndi ku Ulaya zinalemba kuti nkhondo yatha, Blu-ray yapambana. Kwa zaka pafupifupi ziwiri okonda kanema a kumeneko anali atagwira njakata m'masitolo, osadziwa kuti agule makina ati, poopa kutaya ndalama pa chinthu chimene chifa mawa. Ku Golomoti, ku Mtakataka ndi pa Mua tsikulo kanema anaonetsedwa monga mwa nthawi zonse. Jenereta inalira, sipika yomangirira pamtengo inaitana anthu, ana anasuzumira m'mipata ya mpanda. Nkhondo imeneyi sinatsike msewu wa Khwekhwerere, komabe kuchigwa kuno anthu akhala akusankha makina a kanema kwa zaka zambiri, ndipo muyeso wawo unali wina.

Tiyambe ndi chimene ankalimbirana. DVD inatuluka ku Japan mu 1996, ndipo chimbale chimodzi chinkanyamula 4.7 GB. Makina ake amawerenga timaenje tating'ono kwambiri ta pachimbale ndi kuwala kofiira kwa leza. Pamene ma TV aakulu opyapyala anayamba kuchuluka, chithunzi cha DVD chinayamba kuoneka chosakhwima, motero akatswiri anatembenukira ku kuwala kwa buluu, komwe n'kosongoka kwambiri ndipo kumawerenga timaenje tochepetsetsa. Apa ndi pamene anagawikana. Toshiba inabwera ndi HD DVD ya 15 GB, yomwe ikanatha kupangidwa m'mafakitale akale a DVD atangosinthidwa pang'ono. Sony, Panasonic, Philips ndi anzawo anabwera ndi Blu-ray ya 25 GB, yofuna makina atsopano opangira. Zonse zinalowa pamsika mu 2006. Makina oyamba a Toshiba ku America ankagulidwa madola 499, pamene a Blu-ray opangidwa ndi Samsung anali madola 999. Chimbale cha mbali iyi sichinkalira m'makina a mbali inayo.

Kunena za kukongola kwa chithunzi, panalibe kusiyana koti diso wamba n'kuona. Nkhani inagona pa mafilimu. Universal inali ku HD DVD, Disney ndi Fox ku Blu-ray, ndipo mu August 2007 Paramount inasankha HD DVD yokha. Sony inaika Blu-ray m'makina ake a masewera a PlayStation 3, moti mabanja ambiri anapezeka ali nayo kale osaiganizira n'komwe. Pa 4 January 2008 Warner Bros., yomwe inkatulutsa mafilimu ake mbali zonse ziwiri, inati itsala ku Blu-ray yokha. Masitolo aakulu monga Walmart anatsatira, ndipo pasanathe miyezi iwiri Toshiba inagonja. Izi zinali zitachitikapo kale. Betamax ya Sony ya mu 1975 inagonja kwa VHS ya JVC ya mu 1976, makamaka chifukwa tepi ya VHS inkajambula nthawi yaitali ndipo makampani ambiri analoledwa kupanga makina ake.

Kuno kwathu mbiri ya kanema inayenda njira yakeyake. M'nthawi ya atsamunda, bungwe la Central African Film Unit, lomwe linakhazikitsidwa mu 1948, linkapanga mafilimu ophunzitsa, n'kumawaonetsa m'midzi ndi galimoto zoyendayenda. Dziko litalandira ufulu, galimoto za a zaulimi ndi a zofalitsa nkhani zinapitiriza mwambowu: nsalu yoyera pabwalo la sukulu, mudzi wonse pansi, kanema wa kalimidwe ka thonje. Nyumba za kanema monga Apollo ya ku Blantyre zinali za a m'matauni. Boma la Kamuzu Banda silinatsegule wailesi ya kanema, ndipo lamulo la mu 1968 linapatsa bungwe lounika mafilimu mphamvu zodula kapena kuletsa chilichonse. Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999. Choncho anthu ambiri a kuchigwa cha Dedza anadziwa kanema kudzera pa deki ndi tepi asanaonepo pulogalamu ya pa TV.

Vidiyo sho ndiyo inali sukulu yake. Amene anakula m'zaka za m'ma 1990 akukumbukira kachisakasa ka mphasa kapena ka bango, kokutidwa ndi mapepala akuda apulasitiki kuti kuwala kusalowe, mabenchi a matabwa osapala, ndi bolodi panja lolembedwa ndi choko dzina la filimu ndi nthawi yoyambira. M'kati, patebulo lalitali, TV ya chimsana ndi deki yofundidwa kansalu. Kutentha kwa mu October kuchigwa kuno mumakudziwa. M'kachisakasamo thukuta linkachita kuyenderera, koma palibe ankatuluka Rambo asanamalize adani ake. Mayina a Bruce Lee, Chuck Norris, Van Damme ndi Schwarzenegger ankatchulidwa ndi ana omwe sankadziwa liwu limodzi la Chingerezi. Wamkulu wa filimu ankangotchedwa "ekita", woipa uja "bwana wa adani", nkhani yonse n'kumveka.

Mwini vidiyo sho ankayenera kukhala mmisiri. Tepi ikayamba kuonetsa mizere, ankatsegula deki, n'kunyowetsa kapepala ndi sipiriti, n'kupukuta mutu wozungulira uja pang'onopang'ono. Deki ikatafuna tepi, ankaisolola mosamala, n'kudula popindikapo, n'kulumikiza ndi selotepi. Filimu inkadumpha pamenepo, anthu n'kukuwa, koma inkapitirira. Ena ankabweza tepi ndi dzanja pofuna kusunga mafuta a jenereta ndi moyo wa deki. Apa ndi pamene panabadwira muyeso woyamba wa makina abwino kuno: akhale otheka kukonzedwa pansi pa mtengo ndi sikuludiraiva imodzi.

Kenaka kunabwera chimbale, ndipo choyamba kufala sichinali DVD ayi. Inali VCD, yomwe inapangidwa mu 1993. Azungu sanaikonde, koma ku China ndi m'maiko ena a ku Asia inafala kwambiri, makina ake n'kutsika mtengo. Chithunzi chake sichinkaposa cha tepi, ndipo chimbale chimodzi chinkatha patangodutsa ola limodzi ndi mphindi zochepa, moti filimu inkabwera m'zimbale ziwiri. Koma chinali chopepuka, chosafuna kubweza, ndipo aliyense wokhala ndi kompyuta akanatha kuchikopera. Mafilimu a ku Nigeria, omwe anayambira pa tepi ndi Living in Bondage mu 1992, anakwera pa VCD n'kufika mpaka kuno. Osuofia, Aki ndi Pawpaw analanda malo a Rambo. Ine ndimaona kuti kusintha kumeneku kunali kwakukulu kuposa kwa makina, chifukwa amayi, omwe sankalabadira za nkhonya ndi mfuti, anapeza nkhani za apongozi, za mitala, za ufiti ndi za mapemphero, zomwe ankazidziwa kale pakhomo pawo.

Pamene Toshiba ndi Sony ankakokana mu 2006 ndi 2007, kuno n'kuti DVD ikungoyamba kuzika mizu. Makina ankabwera ndi anyamata ochokera ku Joni, atamangidwa m'mabulangete pa basi yodzera ku Tete, ena ndi amalonda ochokera ku Dar es Salaam. Eni mafilimu ku Hollywood anali atagawa dziko lapansi m'zigawo kuti chimbale cha kwina chisalire kwina: South Africa inali m'chigawo 2 pamodzi ndi Ulaya, Malawi m'chigawo 5. Mwa lamulo limenelo, chimbale chenicheni chogulidwa ku Johannesburg sichikanayenera kulira m'makina ogulitsidwira Malawi. Makina otchipa a ku China sankasamala malire amenewa. Ankalandira chilichonse: DVD, VCD, chimbale cha nyimbo za MP3, cha zithunzi, chokopera, chokandika. Ambiri anali ndi pobayira maikolofoni, kenaka pobayira fulashi. Munthu wogula pa msika wa Golomoti sankafunsa kuti chithunzi chili ndi timadontho tingati. Ankafunsa kuti, "Kodi imawerenga zonse? Nanga pa batire imalira?"

Mafunso awiriwa ndi omwe anatsekera Blu-ray kunja. Ubwino wake umaoneka pa TV yaikulu yamakono, koma pa TV ya chimsana ya mainchesi 14 kapena 21 palibe chimene chimasintha. Chimbale chake chinali chodula, chovuta kukopera, ndipo mafilimu a ku Nigeria, makwaya ndi masewero a Chichewa sankatuluka pa icho. Magetsi nawo anali nkhani. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'Malawi zinkaunikira magetsi a ESCOM, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Wodalira batire ya galimoto ndi kasola kamodzi padenga amawerengera chilichonse chimene akubaya. Choncho chimbale chopambana kuno chinakhala chija cha mafilimu 10 kapena 20 othithikizidwa pamodzi, chithunzi chake chophwanyikaphwanyika pamene ekita akuthamanga, koma chokwanira kuonera sabata yonse mpunga wa ku Bwanje ukagulitsidwa.

DVD inali ndi matenda ake. Fumbi la m'chilimwe linkaphimba diso la makina, chimbale n'kumangozungulira, pa TV n'kulemba kuti mulibe chimbale. Ankachitulutsa, kuchiuzira mpweya, kuchipukuta pa malaya, ena mpaka kuchipaka mankhwala otsukira mano pokhulupirira kuti atseka mokandikamo. Tepi ikaduka inkalumikizika, koma chimbale chikakandika kwambiri chinkangoima pakati pa nkhani, ndipo mathero ake chinali chokongoletsera sipoko za njinga.

Chimene chinagonjetsa zonse ndi chilankhulo. Anyamata a m'matauni anayamba kutenga mafilimu a ku China, India, Korea ndi America n'kumalankhulira pamwamba pake m'Chichewa, kumasulira, kufotokoza, kupatsa anthu a m'filimu mayina akuno, malo ake n'kusanduka Ndirande kapena Mchesi. Pali odandaula kuti omasulirawa amapotoza nkhani ndipo nthawi zina amatukwana, ndipo dandaulo limeneli lili ndi maziko. Koma agogo omwe kale ankangoona zithunzi anayamba kutsatira nkhani mpaka kumapeto, n'kumatsutsana ndi adzukulu za amene walakwa. Palibe kampani ya ku Tokyo imene inaganizapo kuti chimene woonera wa ku Mtakataka akusowa ndi mawu a m'chinenero chake, osati kuwala kwa chithunzi.

Mafilimu omasulirawa ndi amene anasamutsa anthu kuchoka pa chimbale kupita pa memori khadi. Mafoni otchipa a Itel ndi Tecno atafala, pa malo a malonda aliwonse panapezeka kabenchi ka mnyamata wa kompyuta, wobena nyimbo ndi mafilimu. Umapereka khadi, umatchula zomwe ukufuna, amakuthirira. Vidiyo sho yomwe yatsala lero imadalira kwambiri mpira wa ku England wa pa dishi. Magetsi akusinthanso: mu 2022 pa Golomoti panatsegulidwa malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20, okhala ndi mabatire aakulu osungira mphamvu, ndipo ma pulazima alowa m'nyumba zambiri za m'mbali mwa msewu wa M5. TV yoyenera Blu-ray yafika pamene Blu-ray yeniyeniyo ikutha. Samsung inasiya kutulutsa makina atsopano a mtunduwu ku America mu 2019, chifukwa anthu a kumeneko amaonera pa intaneti.

Kuphweka kwa kukopera kunapweteka eni luso. Oimba omwe kale ankagulitsa matepi kudzera kwa O.G. Issa anaona msika wawo ukusungunuka. Shemu Joyah anapanga Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat ya mu 2012, mafilimu omwe analemekezedwa kunja, m'dziko limene chimbale chenicheni chimapikisana ndi chokopera cha mtengo wa mandasi ochepa. Bungwe loteteza eni luso la COSOMA lakhala likulimbana ndi vutoli, ndipo lamulo latsopano la mu 2016 linatsegula njira ya msonkho wa pa zipangizo zosungira nyimbo ndi mafilimu, womwe umagawidwa kwa eni luso.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi zimene tinajambula tokha. Kuyambira m'ma 1990, ojambula a kamera ya paphewa anayenda m'maukwati, m'zinkhoswe, pa maliro a mafumu, pa zikondwerero za makwaya, pa ngoma ya Angoni a kwa Kachindamoto ndi pa magule a m'midzi yozungulira Mua. Pa Mua pomwepo, pomwe ansembe a White Fathers anafika mu 1902, malo a Kungoni omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 asunga zigoba za gule wamkulu mazanamazana m'nyumba ya Chamare, ndipo UNESCO inalemekeza guleyu mu 2005. Chigoba chimasungika pakhoma. Kaponyedwe ka mwendo, kayankhidwe ka amayi ndi nkhope za anthu omwe anatisiya zili pa matepi ndi pa zimbale zili m'masutikesi pansi pa bedi.

Kuchigwa kotentha ndi kwa chinyezi ngati kuno, tepi imachita nkhungu n'kumatirirana. Chimbale chobena pa kompyuta sichilimba ngati cha kufakitale, chifukwa uthenga wake umakhala pa utoto womwe umafooka ndi kutentha ndi dzuwa. Kampani ya Funai, yomaliza kupanga madeki a VHS, inasiya mu 2016, choncho deki iliyonse yomwe ikufa lero ilibe yolowa m'malo. Mafilimu a Hollywood anasamutsidwa kuchoka pa tepi kupita pa DVD, pa Blu-ray, mpaka pa intaneti, chifukwa ali ndi eni ake owasamala. Ukwati wa mu 1997 wa ku Mtakataka uli pa tepi imodzi yokha.

Kuusamutsa sikufuna zambiri: deki imodzi yamoyo, kachingwe kolumikiza deki ku kompyuta, ndi munthu wodekha, chifukwa tepi ya maola atatu imatenga maola atatu kuti ikoperedwe. Anyamata obena nyimbo pa Golomoti makompyuta ali nawo kale, ndipo amisiri omwe ankapukuta mitu ya madeki ndi sipiriti ambiri akadalipo, akukonza mafoni. Parishi, sukulu kapena bwalo la mfumu likhoza kuitanitsa matepi a m'dera lake, kuwakopera, kubweza eni ake, n'kusunga makope m'malo awiri osiyana, limodzi pa Mua, lina ku National Archives ku Zomba.