Phunziro Loyamba la Sayikoloje pa Yunivesite ya Zambia ndi Wophunzira wa ku Petauke ndi Nyimba

Mawu Oyamba

M'nkhani ino tilondola mbiri ya kaphunzitsidwe ka sayikoloje, ndiko kuti maphunziro a maganizo ndi khalidwe la munthu, pa Yunivesite ya Zambia. Maso athu ali pa wophunzira wa chaka choyamba wochokera m'maboma a Petauke ndi Nyimba, m'Chigawo cha Kum'mawa. Wophunzira ameneyu anayamwa Chinsenga, kusukulu anakumana ndi Chinyanja, ndipo ku Lusaka amauzidwa za umunthu wake m'Chingerezi. Mfundo yathu ndi yoti mphunzitsi wokonza phunziro loyambali sangalambalale nkhani ya chilankhulo, pakuti mawu amene anthu amatchulira nzeru ndi khalidwe ndi gawo la chinthu chomwe akufuna kuphunzitsacho.

Chiyambi cha Phunziroli ku Lusaka

Pamene dziko la Zambia linalandira ufulu mu 1964, nzika zake zokhala ndi digiri zinali pafupifupi 100 zokha. Yunivesite inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312, potsatira malangizo a lipoti la Lockwood la 1963. Sayikoloje inalowa m'sukuluyi kudzera pa khomo la kafukufuku. Bungwe la Rhodes-Livingstone Institute, lomwe linatchuka ndi kafukufuku wa chikhalidwe cha anthu, linakhala mbali ya yunivesite, ndipo mkulu wake pa nthawiyo, Alastair Heron, anali katswiri wa sayikoloje. Iye anasonkhanitsa ofufuza achinyamata, ena mwa iwo Jan Deregowski ndi Robert Serpell, amene anafika m'dzikomo mu 1965.

Mabuku amene analipo ophunzitsira oyamba kumene anali olembedwa ku Britain ndi ku America. Dongosolo lawo linali lodziwika: kuyamba ndi Wilhelm Wundt ndi nyumba yake yoyeseramo ya ku Leipzig ya 1879, kupitirira ku ubongo, kapenyedwe ndi kakumbukiridwe, kenaka mayeso a nzeru amene Alfred Binet ndi Théodore Simon anayambitsa ku Paris mu 1905, ndi makulidwe a mwana monga anawafotokozera Jean Piaget wa ku Geneva. Mwana wofotokozedwa m'mabukuwa anali wa ku Ulaya. Pamene mwana wa mu Afirika anatchulidwa, kawirikawiri kunali kusonyeza mayeso amene analephera.

Zimene Kafukufuku Anasintha

Ofufuza a ku Lusaka anayamba kukayikira mayesowo. Mu 1960 William Hudson anali atafalitsa zotsatira zosonyeza kuti anthu ambiri a ku South Africa osapita kusukulu sankaona kuya kwa chithunzi chojambulidwa papepala. Deregowski anapeza kuti anthu ambiri a ku Zambia olephera mayeso a Hudson ankatha kumanga ndi timitengo chinthu chokhala ndi kuya atangoona chithunzi chake. Mu 1979 Serpell anafalitsa kafukufuku woyerekeza ana a ku Zambia ndi a ku England pa luso lotsanzira maonekedwe a chinthu. Ana a ku England anapambana pojambula ndi pensulo, a ku Zambia anapambana popinda waya, ndipo poumba panalibe kusiyana kwenikweni. Aliyense amene anaonapo anyamata akuyendetsa magalimoto awaya m'mbali mwa msewu wa Great East sangadabwe nazo. Maganizo omwewa ndiwo anabala mayeso otchedwa Panga Munthu, m'mene mwana amaumba munthu m'malo momujambula. Ravinder Kathuria ndi Serpell anafalitsa miyezo yake mu 1998.

Kafukufuku wofunika kwambiri kwa ife a zilankhulo anayamba mu 1973 m'midzi ya Achewa m'boma la Katete, kum'mawa kwa Petauke. M'malo mobwera ndi tanthauzo lokonzeratu, Serpell ndi anzake anafunsa akuluakulu a m'mudzi kuti atapezeka pa vuto lakutilakuti angatume mwana uti, ndipo chifukwa ninji. Mayankho anasonyeza kuti mawu oti nzeru, amene ku Zambia amalembedwa nzelu, ali ndi nthambi ziwiri: kuchenjera, komwe ndi changu cha mutu, ndi kutumikira, komwe kumaphatikiza kumvera, kukhulupirika ndi kusenza udindo. Mwana wochenjera koma wosatumika sankayesedwa wanzeru zenizeni. Ana amene akuluakuluwo anawasankha sanali kwenikweni omwe anakhoza bwino mayeso a ofufuza. Atawatsatira anawo kwa zaka zoposa khumi, Serpell analemba buku lotchedwa The Significance of Schooling, la 1993, m'mene anasonyeza kuti ambiri amene analekera sukulu panjira ankadziimba okha mlandu wopereweza nzeru, ngakhale kuti malo a ku sekondale anali ochepa kotero kuti ambiri anayenera kutsala basi.

Zotsatirazi zinafika m'kalasi. Mu 1976 Serpell, amene pa nthawiyo ankatsogolera dipatimenti ya sayikoloje, anatulutsa kabuku ka oyamba kumene kotchedwa Culture's Influence on Behaviour. Wophunzira wa ku Lusaka tsopano akanatha kuwerenga za mwana wofanana ndi mng'ono wake.

Malo a Petauke ndi Nyimba m'Mbiriyi

Munthu wochoka ku Lusaka kupita ku Katete amawoloka mtsinje wa Luangwa, nadutsa Nyimba ndi Petauke, dziko la Ansenga a Mfumu Ndake ndi Mfumu Yaikulu Kalindawalo. Derali silinasowe ofufuza. A. C. Madan analemba buku la Chinsenga mu 1905, ndipo A. S. B. Ranger analemba lina mu 1928. Mu 1961 John Blacking, mothandizana ndi Raymond Apthorpe wa ku Rhodes-Livingstone, anajambula nyimbo za kalimba m'boma la Petauke nafotokoza dongosolo la kayendedwe ka zala za oimba ake. Umenewu unali umboni wa luso la mutu ndi manja lophunziridwa popanda kalasi, koma unasungidwa m'mabuku a nyimbo. Ntchito ya Lazarus Miti yosanthula Chinsenga, ya 2001, nayonso inakhala mbali ya akatswiri a zilankhulo. Motero zidutswa zofotokoza mwana wa Chinsenga zinamwazikana m'madipatimenti osiyana.

Ndondomeko ya boma ya zilankhulo inawonjezera mtunda. Kuyambira 1966 Chingerezi chinakhala chilankhulo chophunzitsira kuchokera giredi 1. Zilankhulo zisanu ndi ziwiri zinasankhidwa kuti ziziphunzitsidwa m'zigawo: Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale. Chinsenga sichinali m'gululi. Pamene ndondomeko ya 1996 inalola kuti ana ayambe kuwerenga m'chilankhulo cha m'dera, ndi pamene mu 2014 zilankhulozi zinayamba kugwiritsidwa ntchito pophunzitsa giredi 1 mpaka 4, mwana wa ku Nyimba anapatsidwa Chinyanja. Zilankhulo ziwirizi n'zapachibale ndipo eni ake amamvana, koma si chimodzi. Mwana akayankha mochedwa chifukwa mawu a m'buku si a amayi ake, mphunzitsi amene anangophunzira za mayeso a Binet akhoza kugamula msanga kuti mutu wake ndi wouma. Apa ndi pamene phunziro loyamba la sayikoloje limakhudza moyo wa mwana, pakuti aphunzitsi, anamwino ndi alangizi ambiri sapitirira phunziro loyambalo. Zimene anamva chaka chimenecho ndizo amapita nazo kumudzi.

Zimene Mbiriyi Ikuphunzitsa Wokonza Phunziro

Choyamba ndi dongosolo la mitu. Mabuku ambiri amaika nkhani ya chikhalidwe kumapeto, kumene nthawi ikathera mutuwo umadumphidwa. Mbiri ya ku Lusaka ikusonyeza kuti funso loti "mayeso awa anapangidwira yani?" liyenera kufunsidwa pa mutu uliwonse. A. Bame Nsamenang wa ku Cameroon anatsindika mfundo yofanana m'buku lake la 1992, ndipo mu 2010 Joseph Henrich ndi anzake anakumbutsa kuti anthu 96 mwa 100 alionse ofufuzidwa m'magazini akuluakulu a sayikoloje anachokera m'mayiko okhala ndi anthu 12 okha mwa 100 a pa dziko lapansi.

Chachiwiri ndi ntchito yopatsa ophunzira. Njira ya ku Katete sifuna zipangizo zodula. Wophunzira wa ku Petauke akhoza kutumidwa patchuthi kukafunsa agogo ake mawu a Chinsenga oyamikira kapena odzudzulira mwana, nabwera kudzawayerekeza ndi a Chinyanja, Chibemba ndi Chingerezi. Potero amaphunzira kufunsa, kulemba, kusanja ndi kukayikira, zomwe ndi maziko a kafukufuku aliyense.

Chachitatu ndi kumasulira. Womasulira mawu a Chingerezi oti intelligence kuti nzeru, popanda kufotokoza, amasokoneza mbali zonse ziwiri: amawonjezera udindo pa mawu a Chingerezi, nachotsa kutumikira pa mawu athu. Ntchito yopeza mawu oyenera singatheke ndi dipatimenti ya sayikoloje payokha.

Mawu Otsiriza

Taona kuti sayikoloje inafika ku Zambia ndi mwana wachilendo m'mabuku ake, ndipo inayamba kuona mwana wa kuno pamene ofufuza anamvetsera mawu a eni mudzi. Kumvetsera kumeneko kunachitika m'Chichewa cha ku Katete. Ansenga a ku Petauke ndi Nyimba ali ndi mawu awo, miyambi yawo ndi kaleredwe kawo, ndipo ophunzira ochokera kumeneko amakhala m'kalasi chaka ndi chaka. Pempho lathu kwa aphunzitsi a zilankhulo ndi loti agwirizane ndi anzawo a sayikoloje posonkhanitsa ndi kusanthula mawu amenewa, kuti alowe m'phunziro la chaka choyamba.