Mitengo yokokoloka ndi milatho: zomwe ofufuza za madzi osefukira anapeza

Mtsinje ukasefukira umanyamula mitengo yozuka ndi mizu yomwe, zitsa, bango, mapesi, mapulasitiki, nthawi zina ngakhale madenga a nyumba. Katundu ameneyu akatsakamira pa mlatho, chiopsezo chimakula kuposa chomwe madzi okha akanabweretsa. Pali mainjiniya a zamadzi omwe ntchito yawo ndi kufufuza zimenezi, ndipo zomwe anapeza zikukhudza chigawo cha Tete, komwe mitsinje yochokera kumapiri a Angónia ndi Tsangano imatsetsereka mwaliwiro kukathira mu Zambezi.

Mlatho wa Revúbuè, wolumikiza mzinda wa Tete ndi Moatize pa msewu wa EN7, unaonongeka ndi madzi mu Malichi 2019, ndipo unaduka mu Januwale 2022 nthawi ya namondwe Ana. Pa msewu umenewu ndi pomwe mbatatesi, kabichi ndi chimanga cha ku Angónia zimadzera popita kumisika ya ku Tete. Ku Zambézia nako, mlatho wa Licungo ku Mocuba unaduka mu Januwale 2015, magalimoto a pa EN1 n'kukhala milungu ingapo osaoloka. Mlatho ukagwa chonchi, akatswiri amayang'ana kuchuluka kwa madzi, zomwe madziwo ananyamula, komanso dothi lomwe mizati inakhazikikapo.

Mmene mulu umayambira

Kawirikawiri mulu umayamba ndi mtengo umodzi wautali. Ukapingasa pa mzati, kapena ukagwira mizati iwiri yoyandikana, umasanduka ngati mtanda wa khola. Nthambi zimakodwa pamenepo, kenako masamba, udzu, mapesi ndi matumba zimatseka timipata totsala. Zoyesa za m'malaboratale zinaonetsa kuti tizinthu tating'onoting'ono timeneti timakweza madzi kwambiri, chifukwa mulu wa zikuni zokhazokha umadutsitsa madzi ngati sefa, koma mipata ikatsekeka muluwo umakhala dambo.

Zikatero madzi amabwerera kumtunda kwa mlatho n'kulowa m'madimba ndi m'nyumba zomwe mwina sakanazifika. Amathanso kulambalala mlatho n'kudya dothi la msewu kumapeto kwake, moti mlatho umatsala chiimire koma wopanda pokwerera.

Choopsa kwambiri chimachitikira pansi, posaoneka. Madzi akagunda mzati amatembenukira pansi, n'kuzungulira ngati kamvuluvulu, n'kumakumba mchenga. Pa mtsinje wa mchenga, dzenje limeneli limatha kuzama kufika pafupifupi kawiri kukula kwa mzatiwo m'mimba mwake. Tsono zinyalala zikaunjikana, madzi amaona ngati mzati wanenepa, ndipo dzenje nalo limakula. Mpata wodutsa ukachepa madzi amathamanga kwambiri, kukumbako n'kupitirira mpaka maziko kutsala m'malere. Madzi akamaphwera, dzenje lija limadzadzanso ndi mchenga wofewa, moti munthu woyang'ana m'mawa mwake amaona ngati zonse zili bwino.

Madzi akafika pa thupi la mlatho penipeni, zitsulo za m'mbali zogwirira anthu zimakola china chilichonse choyandama, ndipo mphamvu yokankha imachuluka.

Mtsinje wa m'nyumba

Palibe amene angadikire chigumula kuti ayesere mlatho weniweni. N'chifukwa chake ofufuza amamanga chifanizo cha mtsinje m'nyumba yaikulu: ngalande ya galasi kapena ya simenti, mchenga pansi, timizati ta mlatho, mapampu okankha madzi, ndi timitengo toimira zikuni. Kuchepetsako kuli ndi masamu ake. Chifanizo chikachepetsedwa ka 25, mtengo wa mamita 10 umaimiridwa ndi kamtengo ka masentimita 40, madzi ayenera kuyenda pang'onopang'ono ka 5 kuyerekeza ndi a mumtsinje, ndipo lita imodzi yodutsa pa sekondi imaimira malita 3,125. Amaponya timitengo kambirimbiri, chifukwa kukodwa kwa mtengo kumakhala ngati maere, ulendo uno wadutsa, ulendo wina wagwira. Amawerenga kuti wakodwa kangati.

Ku Portugal ntchito ya zifanizo zotere imachitikira ku LNEC mu Lisboa, yomwe inakhazikitsidwa mu 1946. Pa nkhani ya zikuni, odziwika kwambiri ndi a ETH Zürich ku Switzerland, dziko lomwe chigumula cha 2005 chinatseka milatho ndi madamu ndi mitengo ya m'nkhalango. Pa mtsinje wa Sihl, kumtunda kwa mzinda wa Zürich, anazika mzere wa mizati yachitsulo kunja kwa khona la mtsinje, komwe madzi amakankhira okha zoyandama. Zikuni zimakodwa kumeneko kutali ndi mzinda, madzi n'kumapitirira. Anayamba ayesa pa chifanizo asanamange, ndipo ntchito inatha mu 2017. Mu Julayi 2021, m'chigwa cha Ahr ku Germany, milatho yakale ya mipata yopapatiza inatsekeka ndi mitengo, magalimoto ndi zigumuka za nyumba. Anthu oposa 130 anafa m'chigwa chimenecho, ndipo kafukufuku wa zinyalala pa milatho anakula kuchokera pamenepo.

Malangizo omwe amatuluka m'kafukufukuyu ndi osavuta kumva: mizati ichepe, mipata italike kuposa mitengo yomwe imamera m'mbali mwa mtsinjewo, mlatho ukwere kusiya mpata pamwamba pa madzi, maziko azame kupitirira pomwe dzenje lingafike. Chovuta ndi ndalama. Mlatho wa mipata italiitali ndi wodula, ndipo m'misewu ya kumidzi amangoika mapaipi a simenti, omwe chitsa chimodzi chimakwanira kuwatseka.

Kunyanja

Njira yomweyi ya zifanizo imagwiranso ntchito poteteza gombe. Ku Delft, ku Netherlands, bungwe la Deltares lili ndi ngalande ya mamita 300 yopanga mafunde otalika kuposa mamita 4. Mu 2018 anaikamo mitengo yeniyeni kuti aone mmene imafooketsera mafunde asanagunde chipupa chotchinga madzi. Funso lomwelo ndi lofunika ku Beira, komwe namondwe Idai anatera pa 14 Malichi 2019, komanso kumathiriro a Zambezi komwe kuli nkhalango yaikulu ya mangal. Mizu ndi nthambi za mitengoyi zimachepetsa mphamvu ya funde n'kugwira matope. Sizilowa m'malo mwa chipupa pa namondwe wamkulu, koma zimachepetsa katundu yemwe chipupacho chiyenera kusenza.

Kumtunda komwe mitengo imachokera

Mitengo yambiri yofika pa mlatho imagwera m'madzi gombe la mtsinje likagumuka. Kulima mpaka pamlomo pa mtsinje kumachotsa bango, nsungwi ndi udzu zomwe zimamanga dothi, ndipo mtengo wotsala wokha pagombe lotere umafukulidwa pansi mpaka kugwa. Mitengo yodulidwa n'kusiyidwa m'khwawa, komanso mapesi ounjikidwa m'mbali mwa dimba, zimadikira mvula yoyamba yamphamvu. Apa sikuti chikuni chilichonse chizichotsedwa mumtsinje ayi. Ofufuza omwewo amati zikuni zokhazikika m'mitsinje ing'onoing'ono zimachedwetsa madzi ndipo nsomba zimabisalamo. Malo oyenera kuyeretsa ndi pakamwa pa mlatho ndi pa mapaipi, mvula isanayambe komanso madzi akangophwera, osati mtsinje uli wodzadza, chifukwa mulu ukamasuka mwadzidzidzi umakokolola ndi munthu yemwe.

Zizindikiro za mlatho wovulala ndi mzati wopendekeka, mng'alu watsopano polumikizira, msewu wotitimira pokwerera, ndi madzi okwera mbali ya kumtunda kuposa ya kumunsi. Woona zimenezi asaolotse ngolo kapena galimoto yodzadza, ndipo adziwitse mfumu, a posto administrativo, kapena komiti ya m'mudzi yoona za ngozi yomwe imagwira ntchito ndi INGD.